Zotsatira za magazi ziziyendera limodzi ndi sikelo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi azibambo anzanga a kuno kuchigwa cha Shire, makamaka a mimba zikuluzikulu amene pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula timawatcha mabwana poti zinthu zikuwayendera. Achipatala nawonso andimve.

Achimwene anga amachita geni ya ng'ombe. Ndi munthu wathupi, moti lamba wawo amachita kuwonjezera mabowo ndi msomali. Atayamba kudzukadzuka usiku kukataya madzi, anakwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre kukayezetsa PSA, chizindikiro cha m'magazi chothandiza kuunika khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Nambala inatuluka yochepera pang'ono pa 4, pomwe madokotala ambiri amayambira kukayikira. Anawauza kuti zili bwino. Palibe anawakweza pa sikelo. Mkodzo utayamba kuvuta kutuluka, dokotala wina anawaunika mozama n'kupeza kuti khansa ilipo.

Dokotalayo anatifotokozera zimene ambirife sitidziwa. Munthu wonenepa kwambiri amakhala ndi magazi ochuluka, ndiye PSA yemweyo amasungunuka m'magazi ambiriwo, ngati supuni imodzi ya shuga muketulo m'malo mwa m'kapu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya madokotala ya JAMA mu 2007 anasonyeza zimenezi. Kutsikako sikukhala kwakukulu, koma kwa munthu amene nambala yake ili m'malire, n'kokwanira kuti abwezedwe kunyumba ali ndi matenda. Zizindikiro zina, monga CEA ya khansa ya m'matumbo, nazonso zimatha kuoneka zotsika mwanjira yomweyi. Chowawa n'chakuti bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linanena mu 2016 kuti kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha mitundu 13 ya khansa.

Palinso cortisol, homoni ya nkhawa yochokera m'tiziwalo ta pamwamba pa impso. Kuno nkhawa sitisowa: namondwe Ana anatisesa mu 2022, namondwe Freddy mu 2023, ngongole n'kutsala. Cortisol akakhala wokwera nthawi yaitali amaunjika mafuta pamimba, n'kukweza shuga ndi BP. Thupi lonenepa limapanga cortisol wambiri koma limamuchotsanso msanga, choncho kuyeza magazi kamodzi kokha kungaonetse ngati zonse zili m'malo.

Sindikupempha makina odula ayi. Sikelo ndi choyezera msinkhu zilipo kale m'zipatala zathu, amayezera ana ndi amayi oyembekezera. Bambo akabwera kudzayezetsa PSA, mulembereni m'kabuku kake kulemera ndi kutalika kwake. BMI, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ikafika 30, musathamangire kumuuza kuti apite ali bwino. Mufunseni za mkodzo, muunikeni prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, mumupatsenso tsiku lobwereza kuyezetsa. Inunso azibambo, lekani manyazi pa kuunika kwa chalako, ndipo funsani adokotala ngati aganizira za thupi lanu powerenga pepalalo.

Wokhudzidwa,
Ngabu, Chikwawa