Kalata ya abusa: nthabwala za pa WhatsApp ndi mafunso a ana athu

Okondedwa mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Nthabwala zimene zikuyenda pa gulu la WhatsApp la achinyamata athu zandipeza. Ina ndi ya abusa ochiritsa matenda onse, koma dzino likawawawa iwo amathamangira kwa dokotala. Ina ikufunsa kuti Nowa analowetseranji udzudzu m'chingalawa. Ya udzudzuyo inenso ndaseka. "Mtima wosekerera uchiritsa bwino" (Miyambo 17:22). Ndipo ife abusa tikamasekedwa chifukwa chokonda ndalama, nthawi zina timakhala tadziputira tokha. Koma chithunzi chija chonyoza Mgonero wa Ambuye chifufutidwe lero lomwe. "Musanyengedwe, Mulungu sanyozeka" (Agalatiya 6:7).

Mlandu wanga waukulu uli ndi inu makolo ndi akulu a mpingo.

Mnyamata wathu wina anafunsa m'kalasi kuti Kaini anamupeza kuti mkazi. Yankho lake? "Khala chete, uli ndi chiwanda." Chiwanda, abale! Chonsecho Genesis 5:4-5 akunena poyera kuti Adamu anabala ana aamuna ndi aakazi, nakhala zaka 930. Kungotsegula Baibulo kunakukanikani? Mwanayo sanabwerenso. Panopa akumuyankha ndi anthu a pa intaneti amene amati Mulungu kulibe, ndipo iwowo samukalipira, amakhala naye mpaka usiku.

Mumakalipa chifukwa yankho mulibe, ndipo yankho mulibe chifukwa munasiya kuwerenga. Umenewo ndi ulesi, musautche kuopa Mulungu. Tomasi anakanitsitsa kuti sakhulupirira asanaone mabala a misomali. Kodi Ambuye anamupirikitsa? "Bwera nacho chala chako kuno, nuone manja anga" (Yohane 20:27). Nanga inu ndinu yani kuti mutseke pakamwa mwana wofunsa? Petro anatilamula kukhala okonzeka nthawi zonse kuyankha wotifunsa, "komatu ndi chifatso ndi mantha" (1 Petro 3:15).

Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, tikumane m'tchalitchi. Pakhomo pakhala bokosi. Achinyamata lembani funso lililonse, ngakhale loseketsa, osalemba dzina. Akulu a mpingo nonse mufike ndi Baibulo m'manja, zopepesa sindilandira. Amene munamukalipira mnyamata uja mukudzidziwa, kamutengeni nokha.

Mabaibulo a m'kalasi atha kung'ambika, ena alibenso Genesis. Lamulungu padzakhala chopereka chapadera. Amene simudzakhalapo siyani kwa msungichuma.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.