Kalata kwa Nduna Yoona za Ana: Mukawachotsa M'misewu, Akagona Kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Kawirikawiri timamva kuti boma lichotsa ana onse m'misewu. Galimoto zimabweradi, ana n'kutengedwa, m'tauni n'kukhala bata masiku angapo. Posakhalitsa timawaonanso mu Limbe, pa Ginnery Corner, ndi pa mlatho wa Lilongwe. Sikuti ndi mwano ayi. Kumene mumakawatulako nthawi zambiri kulibe denga, ndipo kumene denga lilipo, moto sunasonkhedwe kuyambira dzana.

Mudzadutse mu Limbe m'bandakucha mwezi wa Juni. Mudzapeza anyamata atagona pa makatoni pakhonde la sitolo, miyendo ataipisa m'thumba, pambali pali phulusa la mapulasitiki amene amaotha usiku. Chapatali pang'ono pakhala mayi ali ndi khanda kumbuyo, akuyang'anira ana ake okulirapo amene ayambe kupempha kukacha. Mayi ameneyu ndiye mfundo yanga, a Nduna. Ambiri mwa ana timawatcha masikiniwa ali ndi makolo kapena agogo. Chinagwa ndi banja lonse: bambo anamwalira kapena anathawa, lendi inapitirira miyezi, landilodi n'kutulutsa katundu panja. Kutenga mwana yekha n'kusiya mayi ake pakhonde paja n'kutunga madzi ndi dengu.

Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu opitirira 1,000 ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ku Chilobwe ndi ku Soche matope anakokolola nyumba, anthu n'kuthawira m'masukulu. Misasa itatsekedwa, amene anali ndi malo awo anali ndi poyambira. Nanga amene ankachita lendi? Analibe ngakhale puloti yobwererako. Ndani anawatsatira kuti aone kumene ana awo akugona lero?

Sindikukana kuti ena mwa anyamatawa amatsomphola mafoni ndi kuvulaza anthu. Kwa olakwa, lamulo ligwire ntchito, n'chifukwa chake kuli malo osinthirako khalidwe la ana ku Mpemba ndi ku Chilwa. Koma mwana wa zaka 8 wogona panja sanapalamule. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limamuona ngati wofunika chisamaliro ndi chitetezo, ndipo mu 2017 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa a Mayeso Gwanda, linathetsa ndime imene inkalola kumanga munthu pongomuganizira kuti ndi vakabu.

Njira yothandizira banja muli nayo kale. Mtukula Pakhomo unayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo unafalikira m'maboma onse, koma maso ake ali kumudzi. Nthawi ya Covid-19 boma linapereka K35,000 pamwezi kwa mabanja a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kusonyeza kuti m'tauni zimatheka. Bwezeretsani thandizo lotere, ndipo muyambire mabanja amene ana awo ali m'misewu, kuti mayi apeze kachipinda ndi kampamba ka geni.

Pakadali pano mzinda uliwonse ukhale ndi malo ogona usiku, oti mwana alowe mwa kufuna kwake, asambe, adye, agone popanda womugwira, ndipo mayi asalekanitsidwe ndi ana ake. Atsikana ndiwo amandisowetsa tulo, chifukwa zimene amakumana nazo usiku sanena kwa aliyense. A Chisomo Children's Club, a Samaritan Trust ndi a Tikondane akhala akugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri, akuwadziwa anawa ndi maina. Athandizeni ndi ndalama za boma, asamangodalira akufuna kwabwino. Alangizi a zachisamaliro cha anthu nawonso apatseni mayendedwe, kuti mwana akabwezedwa kwawo azikamuyendera kufikira atakhazikika pasukulu.

Bajeti ikubwerayi, tikufuna tidzaonemo ndalama za malo ogona ndi za mabanjawa, ndipo mudzatiuze poyera kuti ndi zingati.

Ine wanu,
Kholo la ku Ndirande