Musamapikisane mtengo pa fodya amene simunamugwire

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa kachitidwe kamene kayamba kumera pakati pa anyamata athu ogwirako ndalama muno m'Chipata, makamaka a malonda a pa malire a Mwami ndi a makontirakiti a zomangamanga. Masiku ano ukwati suoneka wokwanira ngati mkwati ndi anzake sanajambulitse atapana cigar pakamwa, ndudu zonenepa zija zokulungidwa ndi tsamba la fodya m'malo mwa pepala. Mukafunsa kumene zachokera amayankha modzitama kuti anawina pa okishoni ya pa intaneti. Kusutako n'kwawo, ndi akuluakulu, ngakhale ndi bwino adziwe kuti cigar imodzi yaikulu imatha kukhala ndi fodya wokwana paketi yathunthu ya ndudu, ndipo khansa ya m'kamwa ndi ya pakhosi imagwira ngakhale amene samameza utsi. Koma chandilembetsa kalatayi ndi china. Ine ndakalambira mu fodya, kuyambira ku nazale mpaka pa sikelo, ndipo zimandiwawa kuona ana a alimi a fodya akupusitsidwa pa fodya yemweyo.

Amene anafikapo ku Kanengo ku Lilongwe kapena ku Chinkhoma ku Kasungu nthawi ya msika akudziwa mmene okishoni ya fodya imayendera. Mabelo amandandalikidwa m'mizere atatsegulidwa. Wogula amapisa dzanja mkati, amasolola masamba, amawatambasula, amawanunkhiza, ndiyeno n'kutchula mtengo. Belo lililonse lili ndi tikiti ya nambala ya mlimi. Akapezamo nkhungu, ulusi wa pulasitiki kapena fodya wosakaniza magiredi, belo limabwezedwa ndipo mwini wake amadziwika. Kuno kwathu ambiri timagulitsa pa kontirakiti, koma lamulo ndi lomwelo: mlimi ndi wolembetsedwa ku Tobacco Board of Zambia, ndipo palibe kampani imene imalipira belo isanalitsegule. Makampani a mabiliyoni sakhulupirira maso okha. Nanga mnyamata wa ku Kapata akukhulupirira bwanji chithunzi cha pa foni, kwa wogulitsa wopanda nkhope, wopanda nambala, amene mawa angasinthe dzina?

Pali zinthu zingapo zimene ogulawa sakuzidziwa. Pafupifupi aliyense amafuna cigar za ku Cuba, makamaka za mtundu wa Cohiba, chifukwa anamva kuti inayamba mu 1966 ngati fodya wa Fidel Castro ndi alendo ake, isanayambe kugulitsidwa kwa anthu onse mu 1982. Koma dziko la America linatseka malonda ndi Cuba mu 1962, ndipo mpaka lero kugulitsa cigar za ku Cuba m'dzikolo n'koletsedwa. Choncho malo a okishoni odziwika a ku America amagulitsa za ku Nicaragua, Honduras ndi Dominican Republic, zambiri mwa izo zabwino ndithu, koma si za ku Havana. Ilikonso Cohiba ina yogulitsidwa ku America movomerezeka, ya kampani ina, imene mulibe tsamba la ku Cuba ngakhale limodzi. Msika wa pa intaneti wa eBay sulola kugulitsa fodya, Facebook nayonso imaletsa anthu kugulitsana fodya. Tsono munthu akakuuzani kuti ali ku Miami ku America ndipo akugulitsa bokosi la ku Havana pa gulu la WhatsApp kwa amene atchule mtengo waukulu, wakuuziranitu yekha kuti akuchita zobisala.

Mtengo nawonso umaulula. Mu 2022 kampani ya Habanos, imene imagulitsa kunja cigar zenizeni za ku Cuba zokulungidwa ndi manja, inakweza kwambiri mitengo ya Cohiba ndi ya mtundu wina wotchedwa Trinidad kuti ifanane ndi ya ku Hong Kong. M'masitolo a ku Ulaya Cohiba Robusto imodzi yokha imadutsa madola 50. Bokosi la 25 muwerengere nokha. Ndiye wina akuti wawina bokosi lathunthu pa madola 120, n'kumayenda chotukula mapewa kuti anzake opikisana nawo anagona. Sanagone. Mwina kunalibe n'komwe, kapena anali abale a wogulitsayo, ongoika mitengo yabodza kuti inu mutenthe mutu muwonjezere.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha mwana wa mlongo wanga anabwera ndi bokosi kunyumba, lokongola, la galasi pamwamba, cigar zitandandalikidwa mkati ndi malamba achikasu. "Amalume, inu mumadziwa fodya, taonani katundu uyu," anatero. Galasilo lokha linali litamaliza kale mlandu, chifukwa odziwa onse amanena chimodzi: Cohiba yeniyeni sibwera m'bokosi la chivundikiro cha galasi. Koma ndinafuna aone ndi maso ake. Ndinatenga lezala n'kung'amba imodzi kuchokera kumutu mpaka kumchira pa tebulo. Cigar yopangidwa bwino ndi manja imakhala ndi masamba athunthu mkati, opindidwa m'litali, oti mutha kuwatambasula n'kuona misempha yake. Umu munagwa zinyenyeswa, timitengo ta pakati pa tsamba ndi fumbi, zimene ife tikamasankha fodya m'shedi timasesera pakona. Yachiwiri inali ndi timabowo tiwiri ngati toboola ndi singano, ndipo nditaigogoda pa chikhatho munatuluka ufa wabulauni. Mlimi aliyense wa ku Chadiza kapena ku Lundazi amene anasungapo belo nthawi yaitali akadamuuza kuti kachilombo ka fodya kanali katadya kale gawo lake. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa. Ndalama anali atatumiza pa foni kwa munthu wodzitcha ajenti, ndipo nambala ija inali itasiya kulira.

Bokosi lenileni la ku Cuba lili ndi zizindikiro zake. Pali chidindo chobiriwira cha boma la Cuba chomata pakona, chimene kuyambira cha m'ma 2009 chili ndi kachizindikiro konyezimira ndi nambala yoti mutha kuifufuza pa tsamba la Habanos. Pansi pa bokosi pamakhala mawu owotchera pa thabwa akuti Hecho en Cuba, komanso chidindo cha fakitale ndi mwezi umene zinaikidwa m'bokosimo. Koma musadalire zimenezi kwambiri. Akuba amagula mabokosi enieni opanda kanthu n'kuthiramo zawo, ndipo chithunzi chimene akuonetsani sichiyenera kukhala cha bokosi limene adzatumize.

Tiyerekeze kuti mwapeza malo oona, poti aliponso, ndipo katundu ndi weniweni. Mavuto sanathe. Okishoni yotseka 9 koloko usiku kum'mawa kwa America imatseka 3 kapena 4 koloko m'bandakucha kuno, nthawi imene munthu ali ndi tulo m'maso ndipo mwinanso wamwako. Mphindi zomaliza ndi zimene mitengo imathamanga, ndipo amene anati sadutsa madola 60 amapezeka wafika 95 chifukwa chosafuna kugonja kwa munthu amene sadzamuona. Malo ena amawonjezera peresenti yawo pamwamba pa mtengo wowinira. Ambiri satumiza katundu ku Zambia, ndiye mufunika kampani ina yolandirira ndi kutumiza, nayonso ndi ndalama, ndipo si onse onyamula katundu amene amalola fodya. Akafika, bungwe la misonkho la ZRA lili ndi gawo lake mwalamulo: msonkho wolowetsera katundu, msonkho wapadera wa fodya, ndi VAT ya 16 peresenti, ndipo powerengera amaphatikiza ndalama zonyamulira. Zonsezi mumalipira kwacha yosinthidwa kukhala dola pa mtengo wa banki wa tsikulo. Alipo ogulitsa amene amalonjeza kulemba pa phukusi kuti ndi mphatso kapena zolembera. Amene amayankha mlandu phukusilo likatsegulidwa ndi uja dzina lake lili pamwamba, osati iwo.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi chakuti ana okulira pafupi ndi chigafa aiwala kuti fodya amapuma. Tonse timadziwa kuti fodya wa bale sasankhidwa masana dzuwa likuswa mtengo, amayembekezera chinyontho cha m'mawa kuti afewe, apo ayi amangofumbutuka m'manja. Cigar ndi tsamba lomwelo. Imafuna chinyontho cha mumpweya cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21. Kukatentha kupitirira pamenepo mazira a kachilombo kaja amaswa. Tsono ganizirani phukusi limene lakhala masabata m'nyumba zosungira katundu, kenako n'kukwera basi pa Great East Road, makilomita oposa 550 kuchokera ku Lusaka, kudutsa m'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala. Likafika tsamba lakunja lang'ambika, mafuta ake onunkhira auma, ndipo ngakhale mutalinyowetsanso kukoma sikubwerera konse. Likabwera mu Januwale vuto ndi nkhungu. Bokosi losungiramo la mtengo wa cedar, limene eni ake amalitcha humidor, ambiri mwa anyamatawa alibe. Amaponya cigar m'galimoto kutsogolo, pafupi ndi ma lisiti a mafuta.

Mukaberedwa mudandaula kuti? Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lingakuthandizeni pa sitolo ya ku Lusaka kapena ya muno m'tauni, imene ili ndi chitseko ndi laisensi. Wogulitsa wa kutsidya kwa nyanja silingamufikire. Amene analipira ndi khadi ya banki pa malo odziwika ali ndi pokayambira, angapemphe banki ifufuze. Wotumiza pa foni kwa ajenti wangotaya basi. Kwa amene mtima wakana kusiya, langizo langa ndi lakuti agule imodzi kapena ziwiri m'sitolo yoti atha kulowamo, azigwire, azifinye pang'ono, amve ngati zikubwerera. Ndipo ngati ndi okishoni basi, alembe papepala mtengo wake womaliza dzuwa lisanalowe, ataphatikiza kale zonyamulira ndi msonkho, ndipo asagule kanthu kolembedwa Cuba kwa munthu wamba.

Ndisanasiye cholembera, Akonzi, pali funso limene ndikufuna mutifunsire. Chigawo chino chinayamba kulima fodya wogulitsa kunja tauni ino ikadali Fort Jameson. Tsamba la cigar limaumitsidwa ndi mphepo m'zigafa monga bale wathu, kusiyana kwake n'kwakuti mbewu ndi ina ndipo likauma amaliunjika milu kuti litenthe lokha ndi kupsa kwa miyezi. Si ntchito ya ku Cuba kokha. Tsamba la ku Cameroon ndi limodzi mwa okutira cigar olemekezeka padziko lonse, ndipo makampani akuluakulu ngati Arturo Fuente amaligwiritsa ntchito. Anansi athu ku Maputo ali ndi Bongani, cigar yokulungidwa ndi manja a anthu a ku Mozambique konko. Ku Havana, pa chikondwerero cha fodya cha 2023, bokosi limodzi losungiramo Cohiba linagulidwa mayuro 4.2 miliyoni pa okishoni, pamene mlimi wathu amavina akamva madola awiri kapena atatu pa kilo. Tumizani mtolankhani wanu ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera ndi ku ofesi ya Tobacco Board akafunse ngati dothi la ku Chipangali kapena Vubwi lingabereke tsamba lotere, mbewu yake ingapezeke kuti, ndipo ndani angaphunzitse amayi athu osankha fodya kukulunga. Mayankhowo muwasindikize m'chinenero chino, alimi awerenge okha nyengo ya nazale isanafike.

Ine wanu,
Mlimi wakale wa fodya,
Chipata