Dandaulo pa mafuta opaka zipolopolo za mfuti za wonga wakuda

Lusaka

Kwa Mkulu wa Zamalonda,

Bwana,

Ndife makasitomala anu amene tili ndi ziphaso za mfuti zothirira wonga kukamwa, zija ambiri amazitcha gogodela, ndipo makapu (tizitsulo toyatsira wonga), mtovu ndi zotsukira timagula kwa inu. Tikudandaula za mafuta opaka zipolopolo amene mwayamba kugulitsa m'tizitini, olembedwa pachivundikiro kuti ndi a mfuti za wonga wakuda. Mafuta amenewa si a ntchito imeneyi. Akuwononga mipope ya mfuti, ndipo tsiku lina adzavulaza munthu.

Wonga wakuda ukapsa, zoposa theka la kulemera kwake sizisanduka mpweya, zimatsala ngati utsi ndi mwaye. Choncho ntchito yaikulu ya mafuta si kutereretsa chipolopolo ayi, koma kufewetsa mwaye wotsala mumpope kuti chipolopolo chotsatira chiukankhe mosavuta. Mbali yaikulu ya mwayewo ndi potassium carbonate, mchere womwe uja umapezeka m'chidulo cha phulusa. Ukakumana ndi mafuta a nyama kapena a zomera pamalo otentha, umapanga phala lofewa lokhala ngati sopo, lomwe limachoka ndi madzi ofunda. Mafuta ochokera ku petulo, monga girizi ndi Vaseline, sagwirizana nawo mchere umenewu. Amapserera limodzi ndi mwaye n'kusiya chikhakha cholimba ngati tala wa pamsewu.

Izi n'zimene mafuta anu akuchita. Mu mfuti ya .50 (ya mpope wotakata theka la inchi), chipolopolo chobulungira cha 0.490 inchi chokulungidwa m'kansalu ka thonje kopakidwa mafuta kochindikala 0.015 inchi chimayenera kutsika ndi mphamvu ya dzanja limodzi. Ndi mafuta anu, munthu akangowombera pang'ono ndodo yotsindira imayamba kuima chapansi, pamwamba penipeni pa pamene wonga umakhala, chifukwa pamamera mkombero wa mwaye wouma. Kansalu kotoledwa pansi munthu atawombera kamapezeka kopserera pakati ndi kong'ambika m'mbali, chizindikiro chakuti moto unadutsa m'mphepete mwa chipolopolo. Zikatero mfuti silunjikanso. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu wosazolowera amaganiza kuti chipolopolo chafika pamene changokakamira panjira. Pakati pa wonga ndi chipolopolo pakatsala mpata, mpope umatupa kapena kuphulika kumene, dzanja la mwini wake lili pomwepo.

Vuto lachiwiri ndi kusungunuka. Mwezi wa October kuno ku Lusaka kumatentha kupitirira 30°C, ndipo m'galimoto yotsekedwa kapena mumpope umene wakhala padzuwa kutentha kumaposa pamenepo kutali. Mafuta anu amakhala atasanduka madzi dzuwa lisanafike paliwombo. Pa zipolopolo za Minié, zija zosongoka zokhala ndi timizere tosungira mafuta, mafutawo amachoka m'timizeremo n'kukadikha pansi pa bokosi, ndipo mu mfuti yothiridwa kale amatsikira m'wonga. Wonga wonyowa ndi mafuta umakana kuyaka, kapena umayaka mochedwa kapu italira kale. Ndiye chifukwa chake ozolowera amati mfuti ikakana, uilozetsebe kutsogolo kwa mphindi yathunthu usanaigwire kukamwa.

Mukhoza kutsimikiza nokha popanda kuwombera. Ikani supuni imodzi ya mafuta anu m'kabotolo, ina ya mafuta a nkhosa m'kabotolo kena. Thirani chidulo chotentha m'mabotolo onse awiri, mutseke, mukhutchumule. La mafuta a nkhosa liyera ngati mkaka n'kukhala choncho kwa kanthawi. Lanu liyandamitsa mafuta pamwamba nthawi yomweyo, madzi ali mbee pansi. Kenako ikani kachitini kanu m'madzi otenthetsa pang'onopang'ono muli thermometer, muone pamene asungunukire. Phula la njuchi lenileni limasungunuka pakati pa 62°C ndi 64°C. Anu akutha kale madzi akadali oti munthu n'kupisamo chala.

Mwina mudzati tipange athu. Timatha kupanga, ndipo kapangidwe kake si kachinsinsi. Pa kilogalamu imodzi timayeza pasikelo magalamu 500 a phula la njuchi, 400 a mafuta a nkhosa ndi 100 a mafuta a olive. Mafuta a nkhosawo amayamba aduladulidwa, kuwiritsidwa m'madzi, kusefedwa pansalu, n'kusiyidwa kuti aume pamwamba pa madzi. Zotsalira za nyama zimapalidwa kunsi kwake. Asakhale ndi mchere ngakhale pang'ono, chifukwa mwaye wa wonga umakoka kale chinyezi, ndipo mukaonjezera mchere m'nyengo ya mvula mpope umachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Phula limasungunulidwa m'chitini choviikidwa mumphika wa madzi otentha, osati pamoto mwachindunji, chifukwa limapserera ndiponso limatha kuyaka. Likasungunuka timathira mafuta aja, kutakasa, n'kutsanulira m'tizitini touma bwino. M'chilimwe timakweza phula kufika magalamu 600 n'kuchepetsa mafuta a nkhosa. M'June ndi July timaonjezera a olive kuti kansalu kasaume gwaa. Asilikali a ku America nawonso ankagwiritsa ntchito phula ndi mafuta a nyama basi, ndipo buku lawo la zida la 1861 linkalamula magawo 8 a phula pa gawo limodzi la mafuta a nyama.

Phula labwino silisowa m'dziko muno, limachokera ku Mwinilunga ndi ku Kabompo. Komabe opanga tokha ali ndi zovuta zake, ndipo n'chifukwa chake timabwera kusitolo. Phula la pamsika nthawi zina limakhala losakaniza ndi makandulo. Mafuta a nyama osayeretsedwa bwino amanunkha pakapita miyezi. Mphika wa lero sufanana ndendende ndi wa mwezi wathawu, ndipo mafuta akasintha, pamene chipolopolo chimagwera pamasinthanso. Chimene timalipirira pogula a kufakitale n'chakuti chitini chilichonse chifanane ndi chinzake, komanso tidziwe zimene zili m'katimo. Apa palibe chimene tapeza mwa ziwirizi.

Pakachitini kanu palibe mndandanda wa zosakaniza, palibe tsiku limene anapangidwa, palibenso dzina ndi adiresi ya wopanga. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act No. 24 la 2010 limafuna kuti katundu wogulitsidwa m'Zambia akhale ndi zimenezi pachizindikiro chake, ndipo limaletsa kugulitsa katundu wosayenera ntchito imene akugulitsidwira. Kulemba zosakaniza kulinso ndi phindu lina. Ena mwa ogula ndi Asilamu, ena ndi a Seventh-day Adventist, ndipo ayenera kudziwa ngati m'chitinimo muli mafuta a nkhumba asanawagwire ndi manja.

Tikupempha kuti muchotse mafutawa pashelefu msanga, mpaka amene anakubweretserani afotokoze polemba zimene anasakaniza ndi kutentha kumene amasungunukira. Amene tinagula mutibwezere ndalama zathu. Malisiti ndi tizitini totsala tili nato ndipo tibweretsa. Muikenso chidziwitso pakauntala chouza aliyense amene anawagwiritsa ntchito kuti atsuke mpope ndi burashi ya mkuwa ndi mankhwala osungunula girizi, kenako ndi madzi otentha a sopo, aumitse, apake mafuta oteteza dzimbiri. Madzi okha sachotsa chikhakha chija. Amene anasiya mfuti yothiridwa kale aitulutse wonga wonse asanayese kuwombera. Mukamaitanitsa katundu wina, funsani mafuta a phula ndi a nyama kapena a zomera, opanda chilichonse cha petulo, ndipo osasungunuka pansi pa 50°C.

Tikuyembekezera yankho lanu lolembedwa pasanathe masiku 14. Likapanda kubwera, tidzapereka kalata ino pamodzi ndi kachitini kamodzi kosatsegula ku Competition and Consumer Protection Commission kuti aunike okha.

Ndife makasitomala anu,
Eni mfuti za wonga wakuda a mu Lusaka