Mapulogalamu aulere asamatulutse thukuta oyamba kumene

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mapulogalamu a kompyuta aulere, aja amene aliyense ali ndi ufulu wowaona mkati mwake n'kuwasintha. Ndimaphunzitsa achinyamata kukonza zithunzi, ndipo popeza ndalama zolipirira Photoshop mwezi ndi mwezi tilibe, timadalira GIMP. Pulogalamuyi ndi yamphamvu ndithu, koma munthu woyamba kumene amaona nayo zakuda.

Kuyambira pa GIMP 2.8 ya mu 2012, ukadina Save, chithunzi chimasungidwa ngati XCF basi, mtundu wa fayilo wa GIMP yeniyo. Ukafuna JPEG yoti utumize pa WhatsApp, uyenera kupita pa Export. Chifukwa chake n'chomveka: opanga GIMP safuna kuti zigawo za chithunzi, zimene XCF imasunga koma JPEG sisunga, zitayike. Komabe mtsikana wina m'kalasi mwanga anatha theka la ola akuvutika, mpaka anayamba kuganiza kuti kompyuta yawonongeka. Ngakhale ine mphunzitsi ndinkasokonezeka poyamba.

Ambiri olemba mapulogalamuwa amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndiye amakonza zimene zikuwavuta iwo eni, osati zimene zimasokoneza mlendo. Anthu a Blender, pulogalamu ina yaulere yopangira zithunzi za 3D, anazindikira zimenezi. Kwa zaka zambiri, posankha chinthu unkadina batani la kumanja la mouse, mosiyana ndi mapulogalamu ena ambiri, koma mu 2019, pa Blender 2.80, anasintha kuti la kumanzere ndilo lizigwira ntchitoyo.

Ndikupempha aphunzitsi anzanga kuti azilemba pamene ophunzira akusochera n'kutumiza kwa opanga mapulogalamuwa. Ine ndayamba ndi nkhani ya Save imeneyi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kompyuta, Zomba