Dziko la m'nkhani yopeka liyambire pa madzi ndi mtunda

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhuleko ndi alembi amene akufuna kulemba nkhani zochitikira m'dziko lodzipekera okha. Ndawerengapo zolemba zingapo za anzanga oyamba kumene ntchitoyi, ndipo chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mlembi amatha miyezi akundandalika mayina a mafumu, mitundu ya anthu ndi nkhondo zamakedzana, koma ukamufunsa kumene anthu a m'mudzi woyamba wa nkhaniyo amatunga madzi, amangoti kakasi.

Ine ndikuti kupeka dziko kuyambire pa malo amodzi aang'ono, ndipo funso loyamba likhale la madzi. Mitsinje imachokera kumtunda n'kumatsikira kunyanja, ndipo panjira imakumana n'kupanga mtsinje waukulu. Kugawikana kumachitika makamaka chakumathiriro, monga umachitira mtsinje wa Nile usanalowe m'nyanja ya Mediterranean. Mapiri nawonso ali ndi ntchito yake. Mphepo yachinyezi ikamakwera phiri imazizira n'kugwetsa mvula mbali imodzi, ikamatsikira kuseri imakhala itauma, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chipululu cha Atacama, chomwe chili kumadzulo kwa mapiri a Andes ku South America, sichiona mvula kawirikawiri. Mlembi amene waika phiri pamapu ake wasankhiratu, kaya akudziwa kaya ayi, anthu amene adzalima ndi amene adzaweta ziweto n'kumayendayenda kusaka msipu.

Madzi akadziwika, anthu amadzikhazika okha. Mzinda wa London unakula pamalo pamene Aroma anamanga mlatho pa mtsinje wa Thames, ndipo m'nkhani yopeka zimayendanso chimodzimodzi: amene wagwira powolokera ndiye amalandira msonkho, ndipo amene amalipira msonkhowo tsiku lina adzatopa nawo. Apa mkangano wa nkhani wabadwa kale, mlembi asanatchule ngakhale dzina la mfumu imodzi.

Chachiwiri ndi mtunda, ndipo apa ndi pamene ambiri amaterereka. Munthu woyenda pansi amatha makilomita pafupifupi 5 pa ola, choncho akayenda tsiku lathunthu ndi kakatundu kochepa angakwanitse makilomita 30. Ngati likulu la ufumu lili pa mtunda wa makilomita 600, uthenga wa munthu wapansi udzafika patatha masiku 20, ndipo yankho lidzatenganso masiku ena 20. Kodi mfumu yotereyi ingalamulire bwanji madera akutali popanda kudalira nduna zimene mawa zingaigalukire? Wowerenga sangawerengetsere zimenezi ndi pensulo, komabe amamva kuti china chake chalakwika pamene asilikali anyamuka m'mawa n'kukafika kumalire a dziko madzulo ake.

Za matsenga ndinene mwachidule. Aikeni ngati mukuwafuna, koma akhale ndi malire ndi mtengo wake, ndipo muwatsatire mpaka kumene akupita. Ngati m'dziko lanu muli munthu wotha kuitana mvula, muyenera kudziwa chifukwa chake chilala chimagwabe, komanso amene amasankha munda woyamba kuvumbidwa. Chimodzimodzi amene wapachika miyezi iwiri kumwamba chifukwa chongokongola akumbukire kuti mwezi wathu umodziwu ndiwo makamaka umakweza ndi kutsitsa madzi a m'nyanja zamchere, kotero asodzi ndi amalinyero ake sangakhale monga athuwa.

Sindikunyoza mapu, ngakhale ena angaganize choncho. Mlembi wa ku Scotland, Robert Louis Stevenson, anayamba wajambula mapu a chilumba mu 1881, ndipo buku lake la Treasure Island, lomwe linatuluka mu 1883, linamera kuchokera pa chithunzi chimenecho. Koma taonani kuti chinali chilumba chimodzi chokha, chaching'ono moti munthu n'kuchiyenda ndi miyendo, osati dziko lonse lapansi. Mapuwo anasowa atatumizidwa kwa osindikiza, ndipo mlembiyo anakakamizika kuwajambulanso pofufuza m'buku monse malo alionse amene anatchula, ntchito imene iye mwini anadandaula nayo. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti pakhale kope lapadera lolembamo dzina lililonse, mtunda uliwonse ndi lamulo lililonse pa tsiku limene zapekedwa, ndipo mapu akopedwe kawiri. Zambiri za m'kopemo zisalowe m'nkhani. Wowerenga angoona mtsikana akudikira bwato powolokera, akuwerenga tindalama take n'kupeza kuti sitikukwanira msonkho.

Ine wanu,
Wokonda nkhani zopeka