Dizilo wa ndere: mtolankhani wanu anafunsa mtengo wake?

A Mkonzi,

Nkhani munalemba sabata yatha ija, yoti posachedwapa magalimoto aziyendera dizilo wochokera ku ndere, yandinyansa. Makamaka chithunzi chija: munthu wovala chijasi choyera, atanyamula botolo la madzi obiriwira, akumwetulira ngati wakumba chitsime cha mafuta. Mtolankhani wanu anamufunsa kuti m'botolomo mungatuluke madontho angati a mafuta? Kapena anangogoma ndi mtundu wa madziwo?

M'maiwe omwe amaweteramo ndere zosaoneka ndi maso, lita imodzi ya madzi nthawi zambiri imapereka ndere zosakwana galamu imodzi zikauma. Zotsalazo ndi madzi okhaokha. Kuti muzilekanitse ndi madziwo pafunika makina ozunguza mwaliwiro, kenako muziumitse, kenako muziswe kuti mafuta atuluke, ndipo zonsezi zimadya magetsi koopsa. Kusakaniza mafutawo ndi mankhwala otchedwa methanol kuti asanduke dizilo ndiye kophweka, anthu amachita kale ndi mafuta otsala pokazinga. Pamene pagona nkhani ndi pa madzi aja! Musaiwalenso feteleza. Ndipo ndere zimachuluka mafuta zikamanidwa nayitrojeni, chakudya chopezeka mu feteleza, koma zikatero zimaleka kuswana msanga. Zonsezi m'nkhani mwanu munalibe, ngakhale mzere umodzi.

Kodi akatswiri anayesapo kale simunawamve? Boma la America linayendetsa kafukufuku wa mafuta a ndere wotchedwa Aquatic Species Program kuyambira 1978 mpaka 1996, n'kumutseka. Kampani ya mafuta ya ExxonMobil inalowa m'ntchito ya ndereyi mu 2009, inadzitama pa TV zaka zambiri, inathiramo madola oposa 350 miliyoni, kenako inasiya. Solazyme, kampani yomwe inkapanga mafuta a ndere, inasintha dzina kukhala TerraVia mu 2016, n'kuika mtima pa zakudya, ndipo chaka chotsatira inagwa. Ndiye botolo limodzi lija lipambana pamene analephera amenewa?

Ndi chizolowezi chanu ichi pa tsamba la sayansi. Kampani ikangotumiza chikalata chodzitamandira, inu mumangochikopera, kuikapo mutu wonenepa, basi, ntchito yatha. Mawa mudzatiuza kuti galimoto yoyendera madzi yafika.

Sindikunena kuti kafukufukuyu alekeke, ndere zimathandiza kuyeretsa madzi oipa. Koma wina akadzabweranso ndi botolo lake, mumufunse zinthu ziwiri: lita imodzi ikudya ndalama zingati, ndipo magetsi angati. Akapanda kuyankha, musalembe.

Wowerenga wokhumudwa